Galimoto yopanda moto ndi amakaniko a ku Tembisa

Lamulungu masana, m'mbali mwa msewu wa Andrew Mapheto ku Tembisa ndi m'timisewu tolowera m'kati mwa lokeshoni, malo otsukirapo magalimoto amasanduka bwalo la milandu. Eni magalimoto amafika atatchena, natsegula maboneti, ena akuwotcha nyama pambali, ena akupukuta malimu mpaka munthu kudziona nkhope. Pagulupo pamakhala eni dziko olankhula Chizulu, Chipedi ndi Chitsonga, pamakhalanso obwera: Amalawi a ku Mangochi ndi ku Mzimba, anthu a ku Tete, a ku Chipata ndi a ku Harare, amene ambiri mwa iwo nsima yawo imachokera pa sipanala. Munthu akangotchula galimoto yoyendera magetsi pabwalo lotere, mayankho ake amadziwikiratu. Wina amaitcha foni ya matayala. Wina amafunsa kuti magetsi oitchajira adzachokera kuti. Wachitatu sayankha ndi pakamwa, amangoponda mafuta kuti injini imulankhulire.

N'kwapafupi kuwaweruza anthu amenewa kuti ndi otsalira, okonda phokoso ndi utsi, osafuna kumva za kusintha kwa nyengo. Chiweruzo chotere n'chothamanga. Kukayika kwa okonda magalimoto a ku Tembisa kuli ndi mizu, ndipo mizu yake ili m'mbiri ya momwe makampani opanga magalimoto akhala akuchitira ndi ogula a mu Africa. Pamene anthuwa akuphonya ndi pamodzi pokha: mkwiyo umene udayenera kulunjika pa makampaniwo akuutsanulira pa magetsi, chonsecho magetsiwo, kwa mayiko opanda chitsime cha mafuta monga Malawi ndi Zambia, ndiwo angathe kudula chingwe chimene chawamanga kwa zaka zambiri.

Dzina lenilenilo likuoneka ngati lili kumbali ya okonda injini. Ambiri ofufuza zinenero amati mawu oti galimoto adachokera ku mawu awiri, gari la Chiswahili ndi moto, ndiye kuti ngolo ya moto. Ku Lusaka ndi ku Chipata ambiri amati motoka, ku Tembisa Azulu amati imoto, ndipo ngakhale mawu awiriwa adabwerekedwa ku Chingerezi, khutu la Mchewa limamvamo moto womwewo. Kwa zaka zoposa zana galimoto yakhala chinthu chopsa m'mimba, chotsokomola m'mawa kukazizira, chouza mwini wake matenda ake ndi mawu. Makaniko wodziwa ntchito amamva kugogoda kwa injini ali chapatali n'kudziwa chimene chatha. Galimoto yamagetsi ilibe moto m'mimba ndipo siyankhula. Kwa munthu amene nzeru zake zili m'khutu ndi m'zala, kukhala chete kumeneku n'koopsa, pakuti kukutanthauza kuti zimene adaphunzira kwa zaka makumi awiri zikhoza kutha ntchito iye akadali ndi mphamvu.

Wofuna kumvetsa chikondi chimenechi ayang'ane magalimoto amene amapatsidwa ulemu pabwalo. Mfumu yawo ndi gusheshe, BMW 325iS ya mtundu wa E30, ya injini ya malita 2.7, imene idapangidwa ku fakitale ya Rosslyn kufupi ndi Pretoria kuyambira mu 1990, ndipo idapangidwira msika wa South Africa. Zenizenizo zidatuluka mazana ochepa chabe, motero lero dzinali limaperekedwanso kwa abale ake a 325i a thupi la bokosi lomwelo. Ndiyo galimoto ya masewero ozungulitsa galimoto pamalo amodzi matayala akufuka, amene adakulira m'malokeshoni monga Soweto m'zaka za m'ma 1980, kawirikawiri pamaliro a anyamata achifwamba, kufikira mu 2014 pamene bungwe la Motorsport South Africa lidawalandira kukhala masewero ovomerezeka. Pambali pa gusheshe pamaima Citi Golf, imene Volkswagen idapanga ku Uitenhage kuyambira 1984 mpaka 2009, Ulaya atasiya kalekale thupi limenelo, ndipo onse pamodzi adapitirira 370,000. Pamaimanso kapikapu ka Nissan 1400, kamene kadapangidwa mpaka 2008 osasintha kwenikweni maonekedwe, ndiponso Toyota Cressida, Conquest ndi Tazz, amene adasenza katundu wa anthu ambiri obwerera kumudzi kuchokera ku Joni, kudutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi pa mlatho wa Tete mpaka kukalowa pa Mwanza.

Magalimoto onsewa afanana chinthu chimodzi: amakonzeka. Munthu wokhala ndi bokosi la masipanala, jeki ndi mthunzi wa mtengo akhoza kutsitsa giyabokosi m'mawa n'kuibwezeretsa dzuwa lisanalowe. Zipangizo zake zimapezeka m'malo ophwasulira magalimoto akufa amene ali ponseponse mu Ekurhuleni, ndipo chimene chasowa chimasulidwa. M'chuma cha m'lokeshoni kukonzeka kumeneku ndi ntchito za anthu: wokonza injini, wowotcherera, wowongola ndi kupenta, womata matayala, wosoka mipando, wamawaya. Mnyamata wobwera wopanda satifiketi, amene kampani singamulembe, amalowa ngati wopatsira masipanala, ndipo pakatha zaka zingapo amakhala akutumiza ndalama za feteleza ndi za sukulu kumudzi. Chotero mwini galimoto yakale akamati galimotoyo ndi yakedi, akunena zoona zogwirika ndi manja. Akhoza kuitsegula, kuimvetsa ndi kuisintha osapempha chilolezo kwa amene adaipanga.

Galimoto yamagetsi imagwedeza zonsezi. Ilibe mapulagi, ilibe kilatchi, ilibe paipi ya utsi, sifuna kusintha oyilo wa injini, ndipo ngakhale mabuleki ake amachedwa kutha chifukwa mota yomweyo imathandiza kuimitsa galimoto uku ikubwezera mphamvu m'batire. Kwa mwini wake umenewu ndi uthenga wabwino; kwa makaniko ndi mtanda wa nsima wochotsedwa pambale. Zotsala ndi batire lalikulu la mavoti 400 kapena kuposa, limene likhoza kupha wolikhudza mosadziwa, ndi kompyuta yolamula zonse. Kompyutayo imamvera mapulogalamu a kampani, ndipo nkhani yeniyeni yagona pamenepa. Mu 2022 BMW idayamba kugulitsa m'mayiko angapo, kuphatikizapo South Africa, chilolezo cha mwezi ndi mwezi choti mipando ya galimoto izitenthetsa. Mawaya otenthetsera adali kale m'mpando umene munthu adagula ndi ndalama zake, koma kuti agwire ntchito adayenera kulipiranso. Ogula atadandaula kwambiri, kampaniyo idasiya mchitidwewo mu 2023. Chofunika kuchiona n'chakuti loko ameneyu sadabwere ndi batire. Maloko a kompyuta adalowa kale m'magalimoto a petulo ndi dizilo, ndipo n'chifukwa chake bungwe la Competition Commission ku South Africa lidatulutsa malangizo, amene adayamba kugwira ntchito pa 1 July 2021, olola mwini galimoto yatsopano kukakonzetsa ku galaja yodziimira payokha osataya waranti, ndi ofuna kuti makampani azipereka kwa amakaniko odziimira uthenga wa kakonzedwe. Amene amatseka boneti ndi kampani, ndipo ikhoza kuitseka pa galimoto ya mtundu uliwonse.

Mbiri ya makampaniwa ndiyo imapatsa mphamvu kukayika kwa pabwalo. Mu September 2015 boma la America lidaulula kuti Volkswagen idaika m'magalimoto ake a dizilo pulogalamu yozindikira nthawi imene galimoto ikuyesedwa, kuti panthawiyo izitulutsa utsi wochepa, koma ikalowa pamsewu n'kumatulutsa mpweya woipa wofika maulendo 40 kuposa mlingo wololedwa. Kampaniyo idavomera kuti magalimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse adali ndi chinyengo chimenechi. Amenewa ndi magalimoto amene ankatsatsidwa kuti ndi aukhondo, osamala chilengedwe. Wokumbukira nkhaniyo ali ndi chifukwa chofunsira kawiri pamene makampani omwewo abwera ndi mawu omwewo pa galimoto yamagetsi.

Pakhomo pawo penipeni, anthu a ku South Africa adaona Ford Kuga ya injini ya malita 1.6 ikuyaka pamsewu, ina lero ina mawa, kwa miyezi yambiri, kampani isanavomere mu January 2017 kuitanitsa magalimoto 4,556 kuti akakonzedwe. Mu 2019 idavomera kulipira chindapusa cha R35 miliyoni. Phunziro lowawa koposa lidachokera ku mayeso a ngozi a bungwe la Global NCAP mogwirizana ndi Automobile Association ya ku South Africa. Mu 2018 Nissan NP300 Hardbody, pikapu imene makampani, alimi ndi mabungwe ankagula kwambiri m'chigawo chonse, sidapeze nyenyezi ngakhale imodzi pa chitetezo cha akuluakulu. Mu 2020 bungwelo lidawombanitsa Hardbody yatsopano yogulitsidwa mu Africa ndi Nissan Navara yakale ya 2015 yogulitsidwa ku Ulaya. Zotsatira zidasonyeza kuti woyendetsa yatsopanoyo akadavulala mpaka kufa, pamene wa yakale ya ku Ulaya akadatuluka akuyenda. Kampani idali imodzi, koma moyo wa woyendetsa udaikidwa mitengo iwiri malinga ndi dziko limene galimoto ikupita.

Batire nalo lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo imadutsa m'midzi ya olankhula Chinyanja ndi ya anansi awo. Pafupifupi magawo asanu ndi awiri mwa khumi a cobalt wa padziko lonse amakumbidwa ku Democratic Republic of Congo, makamaka kuzungulira Kolwezi, ndipo mu 2016 Amnesty International idafalitsa lipoti losonyeza ana akutola ndi kutsuka miyala imeneyi ndi manja. Galimoto yamagetsi imadya mkuwa wochuluka kangapo kuposa ya petulo, motero maso a dziko ali pa Copperbelt ndi pa Solwezi. Kampani ya Syrah Resources, imene imakumba graphite ku Balama m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique, idachita mgwirizano ndi Tesla mu 2021 woti izigulitsa graphite ameneyo atayengedwa ku Louisiana. Ku Malawi makampani akunja ali pa ntchito yofuna kukumba graphite ndi rutile ku Kasiya m'boma la Lilongwe, ndi miyala ya rare earth, imene ina imapangira maginito a mota, ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe Hill m'boma la Phalombe. Zimbabwe idaletsa kutumiza kunja lithium wosayenga mu December 2022 itaona chuma chikutuluka ngati miyala n'kubwerera ngati katundu wodula. Tesla yomweyo, imene mkulu wake Elon Musk adabadwira ku Pretoria, ilibe sitolo yogulitsira magalimoto ake ku South Africa, ku Mozambique, ku Zambia kapena ku Malawi. Mdzukulu wa munthu amene adapita ku migodi pa Wenela kapena pa Theba amaudziwa mtundu uwu wa malonda, umene thukuta limachokera kuno, phindu n'kukagona kwina.

Pa funso la magetsi, anthu a ku Tembisa safunika kuphunzitsidwa ndi wina. M'chaka cha 2023 Eskom idathimitsa magetsi mosinthanasinthana kwa masiku oposa 300. Pamene kuthimathima kwa dziko lonse kudachepa mu 2024, malokeshoni ambiri adapitiriza kuzimitsiridwa m'mawa ndi madzulo pa chifukwa choti mathiransifoma alemedwa. Pa 1 August 2022 Tembisa idatsekeka ndi miyala ndi matayala oyaka, anthu akudandaula za mtengo wa magetsi ndi misonkho ya khonsolo ya Ekurhuleni. Anthu anayi adafa ndipo maofesi a khonsolo adatenthedwa. Munthu wochita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba, wogawana mita imodzi ndi mabanja angapo, alibe galaja yoti n'kuikamo chotchajira. Mtengo nawo ndi khoma. Mu 2025 galimoto yamagetsi yatsopano yoti n'kunyamula banja pa msewu waukulu, ngakhale yotsika mtengo koposa, inkapitirira R300,000, pamene malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma adali R28.79 pa ola. Wolandira malipiro amenewo, wogwira maola 45 pa sabata, akadayenera kusunga ndalama zake zonse, osadya osalipira lendi, kwa zaka zoposa zinayi. N'zosadabwitsa kuti mu 2024, mwa magalimoto atsopano oposa 500,000 amene adagulitsidwa m'dzikomo, oyendera batire lokha sadafike 1,300. Ndipo popeza magetsi ambiri a Eskom amachokera ku malasha a ku Mpumalanga ndi ku Limpopo, wonyoza akati galimoto yamagetsi ya ku Gauteng imayendera malasha, sakunama kwenikweni.

Komabe mlandu sugamulidwa mbali imodzi yokha itamveka, ndipo okonda magalimoto akale nawonso ali ndi zoti ayankhe. Citi Golf idayenda pafupifupi moyo wake wonse yopanda airbag, Nissan 1400 chimodzimodzi, m'dziko limene misewu yake imapha anthu oposa 10,000 chaka ndi chaka. Munthu sangadzudzule Nissan pa nkhani ya Hardbody kenako n'kuombera m'manja thupi la galimoto la nthawi imene chitetezo chotere sichinkaganiziridwa n'komwe. Utsi wa injini yakale umapumidwa ndi mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ndi mwana amene wamubereka kumbuyo. Ekurhuleni ili m'dera la Highveld Priority Area, limene boma lidalengeza mu 2007 kuti mpweya wake wafika pofunika chisamaliro chapadera, ndipo mu March 2022 khoti lalikulu ku Pretoria lidagamula kuti kuipa kwa mpweya m'derali kukuphwanya ufulu wa anthu wolembedwa m'malamulo aakulu a dziko. Gwero lalikulu ndi malasha ndi mafakitale, koma utsi wa pamsewu ndiwo uli pafupi ndi mphuno. Petulo nayenso ali ndi Kolwezi wake: Aogoni a ku Nigeria adaona mitsinje yawo ikudetsedwa ndi mafuta, ndipo Ken Saro-Wiwa adanyongedwa mu 1995 atatsogolera madandaulo awo. Mtovu umene akatswiri a General Motors adapeza mu 1921 kuti ukhoza kuthiridwa mu petulo udapitiriza kulowa m'magazi a ana a kum'mwera kwa Africa mpaka kumayambiriro kwa 2006. Mwambi wa chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ukugwira galimoto yonyezimira yamagetsi, ukugwiranso gusheshe.

Mfundo yolemera koposa ndi ya ndalama zakunja. Malawi alibe chitsime cha mafuta. Dontho lililonse limalowa kudzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo limagulidwa ndi madola amene fodya, tiyi ndi shuga zimavutika kubweretsa. Aliyense amene adagona pamzere wa mafuta ku Lilongwe kapena ku Blantyre mu 2022, 2023 kapena 2024 akudziwa kuti galimoto ya petulo nayo imasanduka chitsulo chongokhala thanki ikauma. Chimene chigawochi chili nacho ndi madzi ndi dzuwa: Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa Shire, Kariba ndi Cahora Bassa pa Zambezi, zigwa za Kafue, minda ya sola ku Salima ndi ku Golomoti. N'zoona kuti magwero amenewa amagwedezeka. Namondwe wa Ana adawononga Kapichira mu January 2022, ndipo chilala cha 2024 chidasiya Lusaka mumdima kwa maola ambiri pa tsiku. Koma damu lowonongeka limakonzedwa ndipo munda wa sola umawonjezeredwa, pamene chitsime cha mafuta chimene kulibe sichingakumbidwe. Injini ya petulo imataya mphamvu zambiri za mafuta ngati kutentha, n'kufikitsa ku matayala mwina gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu; mota yamagetsi imafikitsa zochuluka za zimene yalandira. Palinso chinthu chimene sichitchulidwa kawirikawiri pabwalo la ku Tembisa. Makilomita ochepa kumpoto kwa lokeshoniyo, kupitirira Olifantsfontein, kuli siteshoni ya Apollo, kumene amathera mawaya a makilomita pafupifupi 1,400 ochokera ku Songo m'chigawo cha Tete. Gawo lina la magetsi amene amayatsa Gauteng ndi mphamvu ya madzi a Zambezi, amene ena adagwa ngati mvula ku Chipata natsika ndi Luangwa. Munthu wa ku Tete wowotcherera zitsulo ku Tembisa mwina akugwiritsa ntchito magetsi a kwawo, amene ambiri a m'mudzi mwake sadawaonepo m'nyumba zawo.

Funso loti galimoto yamagetsi ibwere kapena isabwere lidayankhidwa kale kwina. South Africa salola kuitanitsa magalimoto oyendapo kale kuti agulitsidwe m'dzikomo, koma Malawi, Zambia ndi Mozambique amadalira amenewo. Lipoti la United Nations Environment Programme la mu 2020 lidapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 Ulaya, America ndi Japan adatumiza kunja magalimoto ang'onoang'ono oyendapo kale okwana 14 miliyoni, ndipo magawo anayi mwa khumi adabwera ku Africa. Zimene a ku Japan akuyendetsa lero ndizo zidzatsike pa doko la Dar es Salaam kapena la Durban pakatha zaka zingapo. Toyota Aqua, Prius ndi Honda Fit zophatikiza petulo ndi batire zafika kale m'misewu ya Lilongwe, Lusaka ndi Harare, ndipo amakaniko a ku Biwi ndi ku Ndirande ayamba kukumana ndi mabatire ofooka. Zoyendera magetsi okhaokha zidzatsata njira yomweyo, zitakalamba, batire litatopa, waranti itatha. Batirelo likadzafa lidzatayidwa kuti? Anthu a ku Kabwe, kumene mgodi wa mtovu udatsekedwa mu 1994 koma fumbi lake likudwalitsabe ana, akudziwa kutalika kwa moyo wa zinyalala za zitsulo. Ndipo ngati amakaniko sadzakhala ataphunzira, ntchito idzatsalira magalaja ochepa a makampani a m'mizinda ikuluikulu, galimoto yofera ku Ntcheu n'kuwolera pomwepo. Ambiri mwa anyamata amene akugona pansi pa magalimoto ku Tembisa lero ndiwo adzatsegule magalaja kwawo mawa. Zimene adzabwerere nazo m'manja ndi nkhani ya mayiko anayi.

Ngakhale mafakitale amene adabala magalimoto okondedwawo akutembenuka. Magalimoto ambiri opangidwa ku South Africa amagulitsidwa kunja, makamaka ku Ulaya, ndipo mu 2023 European Union idakhazikitsa lamulo lofuna kuti pofika 2035 magalimoto atsopano asamatulutse utsi. Lamulolo likukanganiridwa ndipo ena akufuna lifewetsedwe, koma kumene msika ukulowera kukuoneka. Fakitale ya Rosslyn, mayi wake wa gusheshe, idayamba mu 2024 kupanga BMW X3 yotchajidwa pamagetsi yokhalanso ndi injini. Ford ku Silverton ikupanga Ranger ya mtundu womwewo, ndipo Toyota ku Durban yakhala ikupanga Corolla Cross yophatikiza petulo ndi batire kuyambira 2021. Mu February 2024 nduna ya zachuma Enoch Godongwana idalengeza kuti kuyambira March 2026 makampani oika ndalama popanga magalimoto amagetsi adzaloledwa kuchotsa 150 peresenti ya ndalamazo pa phindu lowerengera msonkho. Dziko lomweli lidali ndi mwayi woyamba msanga: Joule, galimoto yamagetsi ya kampani ya Optimal Energy ya ku Cape Town, idaonetsedwa ku Paris mu 2008, koma kampaniyo idatsekedwa mu 2012 posowa ndalama zoyambira kupanga magalimoto ambiri. Lero boma likupereka mphatso ya msonkho kwa makampani akunja. Chimene sichikumveka mokwanira ndi chimene makampaniwo adzabwezere kwa wokonza magalimoto wa pansi pa mtengo.

Apa ndi pamene mawu a okonda magalimoto angagwire ntchito, pakuti iwo amadziwa kufunsa mafunso amene wogula wamba safunsa. M'malo mokana magetsi, akhoza kuika mtengo wawo. Galimoto iliyonse yololedwa kulowa m'dziko izibwera ndi mabuku a kakonzedwe ndi zida zoyezera zimene makaniko wodziimira angathe kugula, ndipo malangizo a 2021 asanduke lamulo la mano limene mayiko ena a SADC angatengereko. Batire lizipangidwa mokuti gawo lofooka lisinthidwe palokha, osataya lonse, ndipo wogulitsa kapena woitanitsa azikakamizidwa kulandiranso batire lakufa. Galimoto imene singaloledwe ku Ulaya chifukwa cha chitetezo isaloledwenso ku Lusaka kapena ku Lilongwe. Miyala ya batire iziyengedwa kufupi ndi kumene yakumbidwa, monga Zambia ndi Congo adagwirizanira mu April 2022, ndipo mgwirizanowo uziyesedwa ndi mafakitale ooneka ndi maso. Sukulu za ntchito zamanja, monga Ekurhuleni West TVET College imene ili ndi nthambi ku Tembisa komweko, ndi mabungwe a TEVETA ku Malawi ndi ku Zambia, zitsegule maphunziro afupiafupi a amakaniko amene ali kale pantchito, osawafunsa satifiketi imene sadakhale nayo mwayi wopeza. Maphunzirowo aperekedwe m'zinenero zimene anthuwo amagwirira ntchito, pakuti chenjezo la mavoti 400 lolembedwa m'Chijapani kapena m'Chingerezi chokha silingapulumutse mnyamata wopatsira masipanala. Ndipo chiyambi chisakhale galimoto ya bwana. Chiyambi chikhale zoyendera za anthu ambiri: njinga zamoto za kabaza, zimene ku Kenya ndi ku Rwanda zikusinthitsa batire lotopa ndi lodzaza m'mphindi zochepa, maminibasi, ndi mabasi monga 120 amene Golden Arrow ya ku Cape Town idaitanitsa mu 2024.

Gusheshe sidzafa ndi zimenezi. Idzakhala galimoto ya Lamulungu, yosungidwa ndi kupukutidwa, yotulutsidwa pa ukwati ndi pa masewero, ndipo palibe chifukwa choilanda ulemu umenewo. Koma galimoto yopitira kuntchito, yonyamula odwala ndi yokafikitsa chimanga kumsika idzasintha, eni ake afune asafune. Chotsala m'manja mwa anthu ndi kusankha ngati idzabwere yotsekedwa kapena yotseguka. Ana a ku Ndirande, a ku Chipata ndi a ku Moatize akhala akupinda mawaya n'kupanga kagalimoto koyendetsa ndi ndodo, kopanda injini ndi kopanda moto, ndipo palibe amene adakakaniza dzina la galimoto. Kamakhala kawo chifukwa adakapinda okha ndipo kakathyoka amakakonza okha. Muyeso umenewo ndi wokwanira kuyesera BMW, Toyota, BYD ndi Tesla, ndipo amakaniko a ku Tembisa ndiwo oyamba kuyenera kuugwiritsa ntchito.